Mpando Umene Unafika Mochedwa

Inu amene dzina lanu linagwa m'matope ndipo mukuopa kulitola, khalani pansi pang'ono. Nkhani iyi ndi yanu.

Ennie anatsika basi ku Marapodi kutada kale. Komboniyi sankaidziwa. Magetsi anali atapita. Fumbi, utsi wa mbaula, agalu. Kondakitala anamutsitsira katundu wake: mpando wamatayala, uja amakhalapo odwala osatha kuyenda, umene m'tauni amati wilicheya.

"Ba sisita, abwana banu aba sibanalipile," anatero kondakitala akuumenya mpandowo. "Bankala malo ya bantu babili."

Ennie analipira osatsutsa. Kale akanakangana naye mpaka basi yonse kuseka. Tsiku limenelo analibe pakamwa.

Anautambasula mpando uja nayamba kuukankha. Wopanda munthu. Matayala akugunda miyala, akulira ngati wilibala. Pamphambano panali mayi wina wowotcha chimanga, kandulo ili m'botolo.

"Nifuna kwa ba Cephas, bamene benze kukonza manjinga."

Mayiyo anayang'ana mpando nthawi yaitali. Kenako anayang'ana Ennie.

"Kuseli kwa chigayo. Geti ya malata."

Anabwerera ku chimanga chake.

Chaka chimodzi m'mbuyomo, Ennie anali munthu wodziwika. Osati ku Chawama kokha kumene ankakhala. Pa foni. Panali gulu la malonda lotchedwa Onjezapo. Wogulitsa amaika chithunzi cha katundu ndi mtengo woyambira. Ofuna amalemba mitengo yawo pansi, wina kuposa mnzake. Nthawi ikakwana, wapamwamba wawina. Amatumiza ndalama pa foni, katundu n'kumutsata. Palibe sitolo, palibe lisiti. Pali dzina la wogulitsa basi.

Ennie ankagulitsa nsapato za salaula, zija za kaunjika. Kuzisankha ku Kamwala, kuzichapa ndi mswachi, kuzijambula pakhonde dzuwa likamatuluka. Ndipo anali ndi kachizolowezi kake. Aliyense wowina ankamutumizira mawu ojambula pa foni, liwu lake lenileni: "Mwawina, ba mami na ba dadi. Katundu wanu uli m'manja mwa Ennie. Gonani tulo."

Anthu ankalikonda liwu limenelo. Linali lofatsa, loseka pang'ono kumapeto. Ena ankati ndi limene linkagulitsa nsapato, osati zithunzi.

Kenako kunagwa maliro ku Katete. Azakhali ake. Kumudziko foni sigwira bwino, ndipo malonda a sabata imeneyo anali asanatsekedwe. Foni ya bizinesi anaisiya kwa mlongo wake wamng'ono, Nigel, amene anamulera yekha makolo atamwalira.

"Ungotseka va nsapato chabe," anamuuza.

Nigel anatseka za nsapato. Kenako anatsegula zake. Firiji. Wailesi yakanema. Mpando wamatayala. Zithunzi zotola pa intaneti, katundu amene sanamugwirepo ndi dzanja. Wowina aliyense akatumiza ndalama, Nigel ankamutumizira mawu aja a Ennie. Ndani akanakayika?

Pobwera kuchokera ku maliro Ennie anapeza nyumba ili zii. Nigel atapita, akuti cha ku Nakonde. Foni ili patebulo, ikulira.

Apa ndi pamene Ennie analakwa. Osati posiya foni kwa m'bale wake. Zimenezo aliyense wa ife akanachita. Foni inalira, iye anangoiyang'ana. Inaliranso. Anaithimitsa.

Chithunzi chake chinazungulira m'magulu onse a malonda, pansi atalembapo kuti wakuba. Pa Onjezapo anamuchotsa. Anathawira kwa mnzake ku Kabanana, miyezi ingapo osatuluka masana. Manyazi. Komanso ankadziwa kuti akayankha, adzatchula Nigel.

Njala ndiyo inamutulutsa. Anapita ku Matero kwa a Bornwell, mkulu woyang'anira gululo, amene anali ndi kasitolo kokonza mafoni. Anagwada pakati pa makasitomala. A Bornwell sanasiye n'komwe foni imene ankamasula.

"Misozi siigwila nchito kuno," anatero. "Aliyense amene anabeledwa akambe yeka pa gulu, na mau yake, kuti mwamukonza. Akasala umozi, simungena."

Ennie anayamba. Kuchapa zovala m'mayadi a anthu. Kutunga madzi. Kuyala nsapato m'mphepete mwa msewu atavala chipewa chobisa nkhope. Chimene wapeza, kwa wobedwa. Wa firiji anamutukwana pamaso pa ana. Wa wailesi yakanema anamuitanira apolisi, ndipo Ennie anagona m'chitokosi. Anatuluka, anapitanso kwa munthu yemweyo. Mmodzimmodzi anayamba kulankhula pa gulu.

Anatsala mmodzi. Mayi Elesi a ku Marapodi, amene anawina mpando. Uthenga wawo wakale unali wachidule: mpandowo ndi wa amuna awo, a Cephas okonza njinga, amene anafa ziwalo mbali imodzi.

Kwa amenewa Ennie anati sadzapita ndi ndalama. Adzapita ndi mpando. Anaupeza wothyoka kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Kalingalinga. Wowotcherera anaulumikiza. Nsalu yokhalira anasoka yekha. Kuimba foni kaye anaopa. Anati mpando udzalankhula m'malo mwake.

Ndiye ameneyo pa geti ya malata, mumdima.

"Odi kuno."

Kenako liwu la mayi m'kati mwa nyumba.

"Kambani futi."

"Odi, amai."

"Aya mau niyaziba."

Chitseko chinatseguka. Mayi wamfupi, duku lakuda, kandulo m'manja. Sanaunikire nkhope ya mlendo. Panalibe chifukwa.

"Katundu wanu uli m'manja mwa Ennie," anatero mayiyo pang'onopang'ono. "Ndimwe?"

"Ndine, amai."

Kandulo inatsikira pa mpando. Inakhala pamenepo.

"Ngenani nao."

M'nyumba munali bedi lokankhidwira pawindo. Matiresi opindidwa. Pakona thumba la masipanala ndi pampu ya njinga, lomangidwa pakamwa. Ennie anaziona zonsezi koma mutu wake unakana. Anagwada.

"Naleta mpando wa ba tate."

"Ba tate banu tinabaika ku manda ya Chingwele mwezi wapita."

Ennie anayang'ana matiresi opindidwa aja. Kenako mawu anayamba kutuluka okha. Maliro a ku Katete. Foni. Nigel. Zithunzi zabodza. Mayi Elesi anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo.

"Ivo va mufana wanu sinifuna," anatero. "Nyumba iliyonse ili naye wake. Ine funso yanga ni imozi. Nenze kutuma foni. Menze kuona?"

"Nenze kuona, amai."

"Manje?"

"Nenze na nsoni."

"Nsoni."

Mayiyo anatulutsa kafoni m'chitenje. Anadina. Liwu la Ennie linadzaza chipinda, lofatsa, loseka pang'ono kumapeto. Gonani tulo.

"Aba bamuna banga benze kufuna chintu chimozi chabe," anatero mayi Elesi. "Kunkala panja pa museu, pamene benze kukonzela manjinga. Kuona bantu bapita, kubanena monga kale. Kubanyamula ine sininakwanise. Nikakamba ati tabeledwa, beve ati, 'Iwe Elesi, liza futi.' Naliza. Ati, 'Wamvela? Uyu mwana sanganame. Mpando uzabwela.' Ku chalichi banafuna kutisonkela tigule wina. Banakana. Ati tizankala na ibili, yanji?"

Anaika foni patebulo.

"Sembe munayanka chabe. Kukamba ati amai, mpando kulibe. Sembe nabauza. Sembe tavomela va ku chalichi. Sembe banankala panja."

Ennie anali atakonzekera kutukwanidwa. Anali atakonzekera apolisi. Izi ayi. Ndalama za firiji zinabwezedwa. Za wailesi zinabwezedwa. Miyezi imene bambo uja anagona akuyang'ana pawindo, angaigule kuti?

"Niziba chamene mwabwelela," anatero mayi Elesi. "Mufuna mau yanga pa gulu. Lelo sinikamba."

Ennie anadzuka kuti azipita.

"Muyenda kuti? Mabasi yasila. Muno usiku bazakupokani na nsapato. Gonani apo."

Anamuponyera mphasa ndi chitenje. Ennie anagona pansi, pambali pa mpando. Tulo tinachedwa kubwera. Anadziuza kuti kukacha adzangotsazika. Dzina lake litsale pomwe linagwera. Mwina ndi pomwe liyenera.

Anadzidzimuka tambala akulira. Mpando panalibe. Chitseko chinali chotsegula.

Anatuluka. Kunja kunali mbuu, kuzizira. Kutsogolo kwa geti, pansi pa kamtengo, nthaka inali yakuda ndi mafuta akale a njinga. Mpando unali pomwepo. Mayi Elesi atakhalapo, manja pa zogwirira, akuyang'ana msewu. Amayi a madengu akupita kumsika. Bambo wina wa makala akukankha njinga yake. Anakweza dzanja kupereka moni, kenako analitsitsa msanga.

Ennie anaima patali. Sanayandikire mpaka ataitanidwa.

"Ni wabwino," anatero mayiyo osatembenuka. "Nsalu mwasoka mweka?"

"Neka, amai."

"Ioneka. Mizele yapendama."

Anatulutsa foni, naibweretsa pafupi ndi pakamwa.

"Ndine Elesi wa ku Marapodi, uja wa wilicheya. Yafika. Yafika mochedwa, mwine wake anapita. Koma aileta yeka, usiku, mu komboni yamene saziba. Kumukululukila sininasilize. Kugula kuli eve, ningagule."

Anatumiza. Anadzuka pa mpando naupukuta fumbi ndi m'mphepete mwa chitenje.

"Uyu mpando ni wanga, ninalipila. Manje nikutumani. Muike pa gulu. Amene azawina, mumupelekele poyamba. Ankalepo. Ndalama pambuyo. Na foni ikalila..."

"Nizayanka, amai."

"Olo mulibe chokamba."

"Olo nilibe chokamba."

Mpando umenewo unapita ku komboni ya George, kwa mtsikana wina amene anagundidwa ndi galimoto. Ennie anaupereka yekha, nadikira mpaka mtsikanayo atatuluka nawo panja. Sabata yotsatira wina anafunsa ndodo zoyendera. Wina mpando wa mwana. Ennie anabwerera kwa a zitsulo zakale. Anagwirizana ndi wowotcherera uja, dzina lake Kalaba, kuti iye azisaka, Kalaba azilumikiza.

Sizinayende mosalala. Panali amene sanamukhulupirirenso, mpaka lero. Panali wina wa ku Kanyama amene analandira mpando n'kusamuka usiku womwewo osalipira. Panali wina amene anathyola tayala yekha, n'kulemba pa gulu kuti anamugulitsa chowola. Ennie sanatukwane. Anakwera basi, anakasintha tayalalo, anajambula pomwepo mwini wake akuona. A Bornwell anamuuza kuti lamulo lake lopereka katundu ndalama zisanabwere lidzamugwetsa. Silinamugwetse. Lero ku Chawama ali ndi kasitolo kake, mipando itandandalikidwa pakhomo, yonse yakale, yonse yoyenda. Pa Onjezapo akaika chithunzi, anthu safunsanso ngati katunduyo alipodi.

Koma musaganize kuti zonse zinakonzeka. Mawu aja ojambula sanawatumizenso kwa munthu. Wowina amamuimbira, alankhulane. Nigel sanabwerere, ndipo nambala yake Ennie amaiyesabe. Mayi Elesi mawu aja sanawafufute. Akuti ndi amene amuna awo ankagona nawo. Basi ikamadutsa njira ya ku Chingwere, Ennie amasiya kucheza.

M'mawa uja zonsezi sankazidziwa. Ankangodziwa kuti dzuwa silinatuluke ndipo basi yoyamba sidikira. Anatsazika atagwada. Mayi Elesi anangogwedeza mutu, natenga tsache.

Ennie anakankha mpando kudutsa chigayo, kudutsa pamphambano pamene panatsala phulusa la mbaula. Wopanda munthu, monga momwe unabwerera. Asanafike pokwerera basi, foni inalira m'chikwama. Nambala yachilendo. Mwina wogula. Mwina wotukwana.

Anaima. Anadina.

"Halo. Ndine Ennie."

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi foni yanu imene munaithimitsa. Munthu amene mumamuzemba pamsika. Khomo limene mumati mudzagogoda mukadzapeza chonyamula m'manja. Musadikire chonyamula. Ennie anadikira, ndipo bambo wina anamwalira akuyang'ana pawindo. Pitani lero, chimanjamanja, mukanene zoona. Ndipo ngati mwachedwa kale monga iye, pitanibe. Zina sizidzabwerera, koma dzina limatoleka. Osataya mtima. Ikalira, yankhani.