Mayina amene ndinatsekera m'kompyuta ya amalume

Kompyutayo ndinaitseka ndine, ndipo sindinaitsekere zabwino. Ndinali Folomu 3. Amalume anali ndi kaofesi kotaipira anthu makalata pa boma, ndiye tsiku lina anandikwapula ndi chingwe cha pulinta atandipeza ndikusewera makadi pa makina awo. Pobwezera ndinamanga mafailo awo onse ndi pulogalamu ina imene mnzanga anabwera nayo pa disiki kuchokera ku Chipata. Munthu wosadziwa pasiwedi akatsegula ankangoona zilembo zobalalika ngati mapazi a nkhuku. Kuyambira pamenepo amalume ankachita kundinyengerera m'mawa uliwonse kuti ndiwatsegulire. Zinkandikoma zedi.

M'mafailomo munali kalata ya matenanti a pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda, anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo, yodandaula kuti bwana akuwamana chimanga. Kalata inapita yopanda mayina, koma mndandanda wa onse amene anagwirizana nayo unatsala m'kompyuta. Ndinautaipa ndine, amalume ali kumaliro.

Kenako chigafa chimodzi cha pa esitetipo chinapsa. Bwana anati otentha ndi omwe analemba kalata aja. Apolisi awiri anabwera, anamangirira kompyuta pa kaliyala wa njinga ndi malegeni, n'kutenga ndi amalume omwe.

Tsiku lachitatu anandiitana ku polisi. Amalume anawatulutsa m'chitokosi ali opanda nsapato, opanda lamba, atagwira thalauza ndi dzanja. Ankanunkha ndowa yodzithandiziramo. Bwana wa esiteti anali atakhala pabenchi panja pa zenera, wanyamula kale pepala ndi cholembera.

"Iwe ndiye katswiri uja?" anandifunsa wapolisi wamkulu. "Tsegula, amalume ako azipita kwawo."

"Mphwanga, tsegula," anatero amalume. Mawu awo anali atasasa. "Za chingwe zija ndinalakwa. Tsegula basi."

Ndinakhala pampando. Ndinkadziwa zimene zimachitikira tenanti akatchulidwa dzina: amamuthamangitsa fodya ali m'munda, ana ndi mitolo pamsewu, kwawo kuli kutali. Mmodzi wa iwo, tsiku lolembetsa, anandiuza kuti dzina la mkazi wake ndisaliikepo, ali ndi pakati. Ndinaliika dala, pofuna kumuona akundichonderera, ndipo sindinalichotse.

M'malo mwa pasiwedi ndinataipa dala dzina la galu wa ahedi athu. Inakana. Ndinakanda m'mutu, n'kutaipa dzina lomwelo chobwerera m'mbuyo. Inakananso.

"Bwana," ndinauza wapolisi uja, "mwina yagwedezeka ndi njinga. Mabampu aja amasokoneza zam'kati."

Wapolisi wamkulu anatembenukira mnzake amene anapalasa njingayo. "Si ndinakuuza kuti uziikankha?"

Ndinaluma tsaya kuti ndisaseke. Amalume sanaseke. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti adziwa. Akanatha kunena. Anangokoka thalauza lawo n'kubwerera okha m'chitokosi.

Anakhalamo masiku ena asanu ndi limodzi. Anatuluka akutsokomola, ndipo chifuwacho sichinawasiye. Kompyuta inatsala ku polisi, akuti kudikira katswiri wa ku Lilongwe amene sanabwere. Kaofesi kanatsekedwa, amalume anabwerera kumudzi kukalima mtedza, ndipo mpaka lero tikakumana pamaliro amandipatsa moni wa mlendo.

Mayi anandiuza kangapo kuti ndikapepese. Sindinapite. Matenanti aja anathyola fodya wawo, anasoka, anamanga mabelo, ndipo palibe amene anachotsedwa chaka chimenecho.