Nambala Imene Ndinamana Mlamu Wanga

Ndinali gwarda, mlonda, pa ofesi ya bungwe la alimi ku Chifunde. M'kachipinda ka kuseri munali bokosi lakuda lomangirira kukhoma, la timagetsi tobiriwira. Ankalitcha fayawolo. Intaneti yonse ya pa ofesi inkadutsa mmenemo. Bokosilo ndilo linkalola uyu kulowa, n'kukaniza uyo.

Woliyang'anira poyamba anali mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga. Anatsegulira anzake onse a pamsika. Mpira pa matelefoni tsiku lonse, ntchito ya ofesi n'kuima. Anamuchotsa.

Kunabwera tekiniko wa ku Tete. Senya, mawu achinsinsi olowera m'bokosi, anaisiya yomweyo, koma anaika chotsekera chachiwiri. Munthu akalemba senya, nambala inkabwera pa katelefoni kena. Popanda nambalayo bokosi silitseguka. Katelefoniko anandipatsa ine, poti sindichoka pamalo. Ashefe, abwana a pa ofesi, anati, "Nambala ikabwera ine palibe, musawerengere munthu. Ngakhale atakhala bambo anu."

Ine ndinali mkamwini. Nyumba, munda, nkhokwe, zonse zinali pa nthaka ya kwawo kwa mkazi wanga.

Loweruka lina masana mlamu anafika pa mota, komputadori m'chikwama. Ofesi inali yotseka. Anakhala pakhonde n'kuyamba kudina mabatani. Katelefoni kanalira m'thumba mwanga.

"Alamu, tawerengani tinambala timeneto."

"Ayi."

"Mwayamba liti kukana? Ife mlongo wathu tinakukanizani?"

Anaseka. Nanenso ndinaseka pang'ono. Pachilamu timanyozana, sukhala mlandu.

"Ndingotsegulira telefoni yanga yokha," anatero. "Bokosi limeneli ndinalikhoma ndine."

"Dikirani ashefe Lolemba."

"Chimanga mukudyachi chimamera pa nthaka ya ashefe?"

Katelefoni kanaliranso. Anaimirira n'kupisa dzanja m'thumba mwanga ngati akusewera. Ndinaligwira dzanjalo. Kuseka kunathera pomwepo.

Anandigunda ndi mutu pamphuno. Magazi anadzaza m'kamwa. Tinagwera pabwalo. Anandikhalira pachifuwa, bondo pakhosi, n'kupindira chala changa kumbuyo mpaka chinathyoka. Ndinagubuduka, katelefoni n'kukagonera. Anatola chiduswa cha njerwa, anandimenya nacho pakhutu. Khutu limenelo silimva mpaka lero.

Chibonga changa chinali chotsamira pachitseko. Ndinkachiona. Koma mkamwini sakweza dzanja pa mwini mbumba. Akakumenya, umapita ndi bala lako kwa ankhoswe, mlandu n'kukukomera. Ukabwezera, wamanga katundu.

Anandiponda m'nthiti. Ndinapindika, katelefoni kanaonekera. Anakatola, akuwerenga nambala ndi milomo, akupita pa komputadori yake. Ndinakwawa mpaka pachitseko. Ndinatenga chibonga ndi dzanja labwinolo. Ndinamumenya pabondo, anagwa. Ndinamumenyanso pamkono. Katelefoni kanagwera pa simenti, ndipo ndinakaphwanya ndi chibonga chomwecho.

Pamsewu panaima amayi a kwaya ochokera kutchalitchi, ena a m'mudzi mwathu. Mabuku a nyimbo m'manja. Sanakuwe. Anangoona mkamwini ali chilili ndi chibonga, mwini mbumba akubuula m'fumbi.

Uthenga unafika kumudzi ine ndisanatuluke kuchipatala. Ndinapeza zovala zanga zitamangidwa m'chitenje, khasu pamwamba, zili panjira. Apongozi anakhala atandifulatira. Mkazi wanga anaima pakhomo. Anayang'ana chala changa chomangidwacho, kenako pansi.

"Anayamba ndi iwo," ndinatero.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma inu munamaliza."

Ndinasenza katundu.

Lolemba tekiniko anabwera ndi katelefoni kena, n'kusintha senya. Anayang'ana m'bokosi, anati mlamu sanalowe. Ashefe anandilola kukhala m'kachipinda ka kuseri. Ndinayala mphasa pansi pa bokosilo. Chimanga changa cha chaka chimenecho anakolola ena.