Zilembo Zimene Ndinatola Pansi

Ndikukumbukira lamba uja kuposa nkhope ya amene ankamugwira. Sanali lamba wa m'chiuno ayi. Chinali chidutswa cha lamba wa makina owombera nsalu, chakuda, chokhuthala, chonunkha girisi, chimene atate anachoka nacho kufakitale tsiku limene anauzidwa kuti ntchito yatha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tinkakhala ku Nangongwe m'tauni ya Kafue, ndipo chaka chimenecho ndinayenera kudziwa zilembo zikuluzikulu ndisanayambe sukulu.

Zinali zaka zija boma linatsegula zipata zonse, katundu wakunja n'kusefukira, makampani n'kumagulitsidwa ngati tomato wamadzulo. Zovala za salaula, zovalidwa kale zochokera kunja, zinadzaza misika, nsalu yathu inasowa woigula, ndipo amuna amene ankadzutsidwa ndi saireni ya kufakitale anayamba kudzutsidwa ndi maganizo. Atate, munthu wa ku Katete, anagwira ntchito yolemba pamabelo a nsalu kuyambira ine ndisanabadwe. Ankaika pabelo kachitsulo kopyapyala kobooledwa chilembo, n'kupakapo inki yakuda ndi burashi, akachotsa kachitsuloko chilembo n'kutsala pasaka. Tizitsulo timeneti ankatitchula kuti masitenso. Anzawo pochoka anatenga mawaya ndi malata, koma atate anga anabwera kunyumba ndi lamba uja ndi A mpaka Z.

Popeza analibe kolowera m'mawa, anandisandutsa ine ntchito yawo. Amayi akangopita kumsika, atate ankandikhazika pakhonde, n'kuyala masitenso pampando, lamba ali pabondo. Ankanyamula kachitsulo kamodzi m'mwamba n'kundifunsa dzina lake. Ine ndinkayang'ana chitsulocho, ndipo zitsulo zonse zinali zofanana, zamakona anayi, zadzimbiri m'mbali. Palibe anandiuza kuti chilembo chili m'bowomo. Ndikasuzumira m'bowo ndinkaona batani la malaya a atate, kapena diso lawo lofiira. Komanso chilembo cha pasitenso chimakhala choduladula kuti pakati pasagwe, moti B ankaoneka ngati timawindo ta nyumba ya nkhunda.

Ndikakhala chete, lamba ankatsika. Ndikatchula dzina lolakwika, ankatsika kawiri. Ankagwa m'miyendo, pamsana, ndipo ndikatchinga ndi dzanja ankagwa pazala mpaka kulephera kugwira kapu. Lamba wa makina salira ngati chikoti, amangoti phu, ululu wake n'kubwera pambuyo ngati moto wa makala. Madzulo amayi ankandithowa ndi madzi ofunda amchere, akutukwana chamumtima. Akayesa kulankhula, atate ankati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo ine ndinkadabwa kuti mtengo wake ndi uti woongoledwa ndi girisi. Ndinkadana nawo m'mawa uliwonse. Ndinkawakondanso, ndipo zimenezo n'zimene zinkapweteka kwambiri.

Tsiku lina atate atatopa ndi kumenya, anapukuta thukuta n'kundiuza mwakachetechete: "Enelesi, mvera. Januwale ikafika ukalibe kuziba maleta aya, ku sukulu suyenda. Uzayenda ku Chanyanya kwa azakhali ako, ukazipala nsomba."

Ku Chanyanya ndinali nditafikako kamodzi. Ndinkakumbukira ntchentche, mamba omata m'manja, ndi ana a msinkhu wanga akuguba ndi madengu pamutu. Koma sindinkaopa nsombazo. Ndinkaopa kugona kutali ndi amayi. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale A amene ndinkamudziwa anayamba kundithawa atate akangogwira lamba.

Amayi ndiwo ankatidyetsa, ndipo ankatidyetsa ndi chinthu chimene atate ankadana nacho kuposa Satana. Ankagulitsa salaula pamsika. Atate ankati zovala za akufa zimenezo n'zimene zinapha fakitale yawo, ndipo analamula kuti pasapezeke wovala salaula m'nyumba mwawo. Iwo ankangovala ovolosi ya kuntchito mpaka inayera m'mawondo. Nshima yogulidwa ndi salaula yokha ndiyo sankaikana.

Masana amayi ankabwera kudzaphika, kenako n'kubwerera nane kumsika. Tsiku lina iwo ndi anzawo anatsegula belo la zovala za ana, ndipo m'kati mwa juzi yofiira munatuluka kabokosi kapulasitiki kachikasu kotseguka ngati buku. Kumwamba kunali kagalasi kakang'ono, kumunsi mabatani oyera, lililonse ndi chilembo chake chachikulu chakuda. Mayi wina wa kutchalitchi cha Pentekosite anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti kaponyedwe m'ngalande, zinthu za m'mabelo zimabwera ndi mizimu. Amayi anaseka, nati mzimu wodya mabatire sunawaopsepo. Anakakulunga m'chitenje.

Vuto linali mabatirewo. M'nyumba mwathu munali mabatire a wailesi ya atate basi, ndipo wailesiyo inali ngati mwana wawo woyamba. Masana aliwonse ankaiika pabondo kumvera nkhani, kudikira tsiku limene adzalengeze kuti fakitale yagulidwa, antchito abwerere. Nkhani zikatha ankanyamuka kukakhala ndi anzawo pafupi ndi geti la fakitale mpaka dzuwa kupendeka. Amayi anaiona nthawi imeneyo. Atate akangokhota pangodya, amayi ankatsegula kumbuyo kwa wailesi, kuponya mabatire m'thumba, ife ulendo wa kumsika. Madzulo ankawabwezera atate asanafike.

Pansi pa thebulo la salaula, pakati pa milu ya masokosi, ndi pamene ndinalowa sukulu yanga yoyamba. Kabokosiko kakayaka, pakagalasi pankatuluka chilembo chikudumphadumpha, ndipo mawu a mzimayi wachizungu ankandiuza kuti ndichipeze pamabatani. Chizungu sindinkachimva, koma masewerawo ndinawamva. Ndikadina batani loyenera, kankatchula dzina la chilembocho, kuimba kanyimbo, ndipo kabakha kankayenda pagalasi kakugwedeza mchira. Tsiku loyamba nditadina lolakwika, ndinabisa mutu m'manja kudikira lamba. Panalibe chimene chinagwa. Kabokosi kanangolira kuti pii, mzimayi uja n'kunena mawu amene amayi anandimasulira kuti akuti yesanso. Ndinalakwitsanso dala kuti ndione ngati akwiye. Sanakwiye.

Ndinasewera milungu ingapo. Ana a amayi ena ankadzadza pansi pa thebulopo, tikulimbirana kabakha, ndipo ndinayamba kuona zilembo paliponse, pamaminibasi, pamatumba a ufa, pangolo za sitima zodutsa panjanji. Koma m'mawa pakhonde zonse zinkauluka. Atate akanyamula sitenso, lilime linkauma, lamba n'kutsika monga mwa masiku onse. Sindinkadziwa n'komwe kuti zitsulo zawo ndi mabatani anga zikunena chinthu chimodzi. Ngakhale zinali choncho masana ndinkakondwa, ndipo mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kabokosiko kankadya mabatire ngati nkhumba. Amayi anayamba kuwayanika padzuwa pamwamba pa thebulo kuti adzuke, monga ankachitira aliyense masiku amenewo. Atafooka kwambiri, anachita chinthu china chimene aliyense ankachitanso, kuwaluma ndi mano m'mbali kuti mphamvu yotsalira ituluke.

Linali Loweruka masana, kukutentha, mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana pamwamba pa mapiri. Atate anakhala pakhonde ndi wailesi pabondo. Wowerenga nkhani anayamba kunena za makampani amene apeza ogula, ndipo atate anatambasula dzanja kuti tonse tikhale chete. Mawu anayamba kuchepa, kunong'ona, kenako zii. Anaigwedeza, anaimenya pambali, n'kutsegula kumbuyo. Mabatire anagwera m'manja mwawo ali ndi zipsera za mano.

Sanakuwe. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa amayi kuti ndani wakhala akudya mabatire awo. Amayi anati mwina makoswe. Atate anaimirira n'kupita pamene panali mtolo wa katundu wa kumsika, umene amayi ankausiya kuseri kwa chitseko. Anaukutumula. Masokosi ndi timadiresi zinamwazika, ndipo kabokosi kachikasu kanagwa pasimenti n'kutseguka.

"Amake Enelesi, ichi n'chani?"

"Ni ka mwana. Kamuphunzisa maleta."

"Salaula? Salaula inanidyela nchito, lelo yanidyela na wailesi, manje izaphunzisa mwana wanga?"

Khofi loyamba linawaponyera amayi pakhoma, mutu n'kugunda pafelemu la chitseko. Magazi anatsika pachipumi mpaka m'diso. Atate anatenga lamba pamsomali. Ndinali nditamumva lambayo pathupi langa kambirimbiri, koma ndinali ndisanamuone akugwa pamsana pa amayi, ndipo ndinadzikodzera pomwepo ndili chiimire. Anamenya mpaka bulauzi inang'ambika. Azimayi oyandikana nafe anaima kumpanda, manja pakamwa, wina akuitana dzina la Yesu, koma palibe analowa. Nkhani za m'banja, ankatero.

Kenako atate anatembenukira kabokosi. Amayi anakwawa n'kuikapo dzanja. Nsapato ya kufakitale, yokhala ndi chitsulo kutsogolo, inatsika pamwamba pa zonse ziwiri. Ndinamva kuthyoka kuwiri, kwa pulasitiki ndi kwa chala, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene kunayamba. Anapondanso, n'kupondanso. Kagalasi kanaphwanyika, mabatani anadumpha n'kumwazika pakhonde ngati chimanga chotayika.

Sindinaganize zoonetsa munthu nzeru. Ndinkangofuna kubwezera mabatani m'malo mwake kuti kabakha kabwerenso. Ndinagwada n'kuyamba kutola, ndikulira, ndipo batani lililonse ndinkalitchula dzina monga ankachitira mzimayi uja, pakuti ndimo mmene masewerawo ankayendera. Ndinatola M pafupi ndi phazi la amayi. Ndinatola K, ndinatola B, ndinatola S ali ndi magazi. Ndinamva mthunzi wa atate pamsana panga, ndinadikira lamba, koma pakamwa sipanasiye kutchula.

Lamba sanatsike. Atate anagwada, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa, natola batani limodzi n'kundionetsa. Ndinati R. Anatola lina, ndinati G. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sitenso, nainyamula m'mwamba monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinangoti kukamwa yasa. Anaiyang'ana sitensoyo, anandiyang'ana ine. Kenako anaigoneka pasimenti, anatenga khala pambaula yozima, napaka m'bowomo, n'kuchotsa chitsulocho. Pansi panatsala chilembo chakuda. Ndinati R.

Miyezi yonse ija munthu amene anakhala moyo wake akupaka inki sanaganizepo zopaka kuti mwana aone. Amayi anadzuka atagwira dzanja lothyokalo pachifuwa, ndipo analankhula osakweza mawu.

"Mwana aziba vonse. Chamene ayopa ni imwe."

Atate anakhala pansi pakhonde pomwepo, khala lili m'manja, mvula n'kuyamba kudontha pamalata. Mayi wa Pentekosite uja, amene anali m'gulu la oima kumpanda, ndiye anaperekeza amayi kuchipatala, kumene amayi ananena kuti chitseko chawapana.

Ku Chanyanya sindinapite. Januwale atafika atate anandigwira dzanja okha mpaka pageti la sukulu, atavala ovolosi yawo yoyera m'mawondo. Sanapepese, kwa ine kapena kwa amayi, ndipo sindinena bodza kuti anasanduka mngelo, chifukwa ukali anafa nawo. Fakitale sinawaitanenso. Koma lamba uja sanandikhudzenso. Amayi anamudula ndi mpeni n'kumukhomera pachitseko cha chimbudzi m'malo mwa mahinjesi, ndipo lambayo anagwira ntchito imeneyo bwino zaka zambiri. Chala chawo chapakati chinapola chokhota, moti ngakhale lero akamaloza chinthu amaoneka ngati akuloza china.

Tsopano ndimaphunzitsa ana a mkaka ku Kafue Estates. Tili ndi timakompyuta ta m'manja, matabuleti ochepa amene ana amagawana, ndipo pagalasi pamatuluka zilembo zikuluzikulu zoti azigwire ndi chala, kuzikokera m'dengu, kapena kuziphulitsa ngati mabaluni. Makolo ena amabwera nkhope zili gwa n'kundifunsa ngati amalipirira masewera. Ena amandiuza kuti mwana wawo ndi wouma mutu, ndisamamunyengerere, ndizimukwapula. Ndimawapatsa mpando kuti aonerere. Mwana akadina cholakwika n'kubisa mutu m'manja, ndimadziwa za kunyumba kwake popanda wondiuza, ndipo mtima umandiwawa ngati kale.

Ndinakula ndikuganiza kuti kabokosi kaja kanali ndi nzeru kuposa atate. Lero ndikuona kuti kanalibe nzeru iliyonse, kanali pulasitiki ndi mawaya. Atate ankadziwa zilembo kuposa iko, ndipo ankandifunira zabwino kuposa iko. Koma iwo ankamenya fakitale imene inawataya, ndipo msana umene unali pafupi unali wanga ndi wa amayi. Kabokosiko kanali ndi chinthu chimodzi chokha chimene panyumba pathu panalibe, kankalola mwana kulakwa. Ndiye mwana wa m'kalasi mwanga akabisa mutu, ndimagwada pambali pake, ndimamuchotsa manja kumaso, ndipo ndimamuuza mawu amene amayi anandigulira ndi chala chawo: yesanso.