Botolo la mu Nandolo

Achimwene anga a Fulaye anali akuluampingo kwathu ku Mbombwe, ndipo pagulu mowa sankaukhudza. Kachasu ndinkawagulira ndine, botolo n'kumalibisa m'munda mwanga mwa nandolo.

Chaka chimene mimba yawo inatupa, maso n'kuchita chikasu, ndinawaperekeza kuchipatala ku Namitambo. Adokotala atawadina pamimba anatembenukira kwa ine.

"Chiwindi chawonongeka ichi. Amamwa bambowa?"

"Thobwa basi, adokotala," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali osalemba kanthu.

Bodza lomwelo ndinakalibwereza kumudzi, osaganiza kuti thobwa achimwene ankagula kwa Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mayiwo anawathirira mankhwala. Alamu, akazi a achimwenewo, anandikokera kuseri.

"Inu mumawaona bwanji mayi amene aja?"

Pamenepo mpomwe ndikanaulula. Koma ndinangopinda milomo n'kunena kuti, "Kaya, inenso sindiwamvetsa."

Thobwa la Abiti linayamba kusasira mumtsuko, wogula palibe. Ine ndikawaona pamjigo ndinkabwerera ndi ndowa yopanda madzi, poganiza kuti akudziwa.

Tsiku lina m'mawa Abiti anaodira pakhomo panga, kanthu atakulunga m'chitenje.

"Mayi a Esinati, mbuzi yanga yafukula ichi mu nandolo mwanu."

Linali botolo lija. Analitsegula, n'kundiyandikizira pamphuno.

"Thobwa langa silinunkha chonchi."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinati zikomo.