Kalongonda amene ndinataya m'munda wa fodya

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene aphunzitsi athu atatu anagwirizana kutipatsa ntchito imodzi: aliyense abweretse chakudya cha kwawo. A zaulimi ankafuna tifotokoze kalimidwe kake, a Chichewa tilembe chimangirizo, a zachikhalidwe titchule mtundu wa anthu amene amachidya. Makolo anaitanidwa kudzaona Lachisanu.

Anzanga anakondwa, koma ine ayi. Tinali matenanti pa esiteti ya fodya ku Lukwa, ochokera ku Phalombe, ndipo kwa zaka zitatu ndinali nditabisa Chilomwe changa mwaluso. Ndinkaona mmene ana a matenanti ankasekedwera, ndipo nthawi zina, ndivomere, ndinkaseka nawo.

Amayi atamva za ntchitoyo nkhope inawala. "Ndiye tiphike kalongonda," anatero. "Akaone kuti nafenso tili ndi kwathu."

Anatsitsa kansalu komanga mfundo kamene kankakhala kudenga. Lachinayi lonse sanapite kuchigafa kukasoka fodya. Anawiritsa nyemba zikuluzikuluzo, kutaya madzi akuda bii, kusenda makoko, kuwiritsanso, kutayanso, pakuti kalongonda wophika mothamanga amazunguza mutu. Utsi unawafiiritsa maso, koma ankangoimba nyimbo za kwathu.

Lachisanu m'mawa ndinanyamula kambale kovundikira bwino. Nditafika pakati pa munda wa fodya ndinayang'ana uku ndi uku, n'kukhuthula zonse pakati pa mizere, n'kukwirira ndi phazi. Kusukulu ndinanamiza mnzanga Tadala kuti ndinagwa panjira, iye n'kundigawira mtedza wake wokazinga. Papepala ndinalemba zilembo zikuluzikulu: "Mtedza, chakudya cha ife Achewa."

Sindinkayembekeza kuti kapitawo wa pa esiteti angalole amayi kujombanso ku ntchito Lachisanulo. Ndinangowaona akulowa m'kalasi, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, zala zili zakuda ndi utomoni wa fodya. Popeza sankadziwa kuwerenga, anapempha aphunzitsi a Chichewa kuti awawerengere zimene mwana wawo walemba. Aphunzitsiwo anawerenga mokweza, mawu onse.

Amayi anasuzumira m'mbale muja. Anatola njere imodzi, n'kuitafuna pang'onopang'ono.

"Wakazinga bwino mwana wangayu," anauza aphunzitsi.

Pobwerera anandinyamulira mbale. Ndinkadikira mbama, ndipo ndikanailandira ndi manja awiri, koma sinabwere. Tikudutsa m'munda muja anangofunsa kuti, "Kalongonda uja unamulawako n'komwe?" Ndinapukusa mutu.

Bambo ndi amene anandiuza zoona pa chakudya chamadzulo, osakweza mawu. Kalongonda uja anali mbewu. Amayi anamutenga kwa amayi awo tsiku lomwe tinkakwera lole yobwera kuno, ndipo ankamusunga kudikira chaka chomwe tidzakhale ndi munda wathuwathu, poti mwini esiteti sankalola mbewu ina m'munda mwake. Loweruka ndinathamanga kukafukula. Ndinapeza nyerere zokhazokha, komanso mbewu yophika ikanamera bwanji?

Lero ndili ndi kamunda kanga ku Nkhamenya, ndipo kalongonda wayanga mpanda wonse. Mbewu yake ndinakaitenga ndekha ku Phalombe. Amayi, okalamba tsopano, amadya kwinaku akundinena kuti ndimafulumira kuphula, koma za tsiku lija sanazitchulepo n'kamodzi komwe. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndikubisa chakudya chochititsa manyazi. Ndinadzazindikira mochedwa kuti amene ndinkabisa anali amayi anga, ndipo iwo, pamaso pa anthu onse aja, anabisa bodza langa.