Ajeremani Osenza Malichero

Ndikukumbukira fungo la guluu m'nyumba yathu ya ku Braunstone, ku England, chaka chimene agogo obereka amayi anabwera kuchokera ku Dedza kudzationa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo ankanyamula makatoni ku weyahausi ya ku Corby, koma kumudzi anali mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo uphunzitsiwo unangosamukira patebulo la kukhitchini. Ankagula timabokosi ta asilikali achitsulo aatali ngati chala chaching'ono, Ajeremani akalekale amene ankamenyana ndi Aroma m'nkhalango. Asilikaliwa ankabwera ali zidutswazidutswa, mitu payokha, manja paokha, zishango m'kathumba kake. Ine ntchito yanga inali kupala m'mphepete ndi tupa. Kumata ndi kupenta kunali kwa eni ake.

Loweruka lina, agogo akadali nafe, kunali nkhondo. Ku kalabu ina ya m'tauni, azibambo a imvi zawo ankandandalika asilikali patebulo n'kumaponya madayisi kuti aone gulu lopambana, ndipo a Derek, dalaivala wa basi wopuma ntchito, anali atawaputa bambo kuti abwere ndi Ajeremani awo adzalawe Aroma. Mu England monse, ku kalabuko ndi kokhako kumene bambo ankafunsidwa maganizo. Anali atapempha anzawo kusinthana mashifiti kuti akapezekeko, ndipo ankati adzamata gulu lomaliza Lachisanu madzulo.

Tsono kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ndipo agogo mwambowu anabwera nawo wathunthu. Kumudzi zimatheka, munthu amangopatuka n'kulowa m'chimanga. Koma nyumba yathu ya khansolo ili ndi masitepe amodzi. Akakumana pakati, agogo ankatembenukira kukhoma, bambo n'kubwerera chafutambuyo mpaka kulowa m'bafa. Mawu awo onse ankadzera mwa ine, ngakhale atakhala m'chipinda chimodzi, ine amene Chichewa ndinkangomva koma n'kumayankha m'Chingerezi.

Lachinayi agogo anandipeza ndili ndi mutu wandevu m'dzanja limodzi, tupa m'dzanja lina, patebulo pali mbwee matupi opanda manja. Anangogwira pakamwa. Kwa iwo mlandu unali woonekeratu: mwana waphwanya zidole za bambo ake, chotsatira ndi chikwapu. M'mawa mwake, ine ndili kusukulu, amayi ali ku ntchito kuchipatala, anakhala pansi ndi guluu kuti apulumutse mdzukulu.

Ndipo anagwira ntchito, chilungamo chake. Ajeremani aja ankamanga tsitsi mfundo pamutu, ndiye agogo ataona mfundozo anadziwa kuti ndi nkhata. Zishango zozungulira zija anaziyesa malichero, n'kusenzetsa msilikali aliyense lake. Mikondo anawapachika paphewa ngati makasu. Amene anali chifuwa pamtunda, ndi ena awiri amene analibiretu kanthu, anawadulira nsanza za chitenje n'kuwamangira m'khwapa, poti ino inali nyumba ya akhristu. Nditabwera ndinapeza gulu lonse lili ndondondo pawindo ngati likuchokera kudimba, zala za agogo zitauma gwa ndi guluu.

Bambo atalowa anaima pawindo paja, jekete ili m'manja. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Kenako anayang'ana firiji n'kunena kuti, "Mwanawe, uwauze agogo kuti tathokoza. Uwafunsenso, ngati sikuwavutitsa, chifukwa chimene zishango zili pamutu."

Agogo anayankha akuyang'ana khoma: "Uwauze bambo ako kuti anthuwa nkhata anamanga kale okha, ine ndangowasenzetsa. Ndipo mwana asam'menye, ndakonza zonse."

Amayi anali atagwira chitseko, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe. "Ingofonani mukansele," anatero, "muwauze a Derek kuti ma soldier anu ali pa sick leave." Koma kukansela kunali kuthawa Aroma, ndipo kumatula ntchito ya apongozi kunali ngati kuwabwezera chakudya chimene aphika. Bambo anasankha kuchita manyazi pamaso pa azungu.

Loweruka tinakwera basi, bokosi lili pamiyendo panga. Titandandalika asilikali, azibambo onse anaunjikana patebulo pathu. A Derek anatsitsa magalasi n'kufunsa kuti kodi awa ndi fuko liti, poti m'mabuku awo sanaliwonemo. Bambo anayankha nkhope ili gwa kuti ndi fuko la kumapiri a Dedza, ndipo mkulu wa asilikali ndi apongozi awo. Palibe anaseka. M'malo mwake panabuka mkangano weniweni: kodi chishango cha pamutu chimateteza ku mivi yochokera kumwamba? Nanga chitenje chiwerengedwe ngati chovala cha nkhondo? Onse ankatembenukira kwa bambo, ndipo bambo anaphunzitsa masana onse, manja ali kumbuyo ngati kale. Pamene madayisi anayamba kugubuduka, Aroma anatipha tonse tiyi asanazizire.

Kunyumba ndinapereka uthenga wa maliro. Agogo sanadabwe n'komwe. "Uwafunse bambo ako," anatero, "ndani amatenga anthu osenza katundu n'kupita nawo ku nkhondo?" Kuseri kwa chitseko cha bafa ndinamva bambo akuseka mpaka kutsokomola, ndipo agogo nawo mapewa ankagwedezeka, nkhope ili kukhoma.

Masiku ano zinthu zinasintha. Asilikali a bambo ambiri ndi apulasitiki, ndipo mnyamata amene ndikufuna kukwatiwa naye amawakumbatira amayi pakhomo, bambo n'kumayang'ana kudenga. Koma gulu la malichero lija silinamatulidwe, lili pashelefu ndi zitenje zake. Agogo anabwerera ku Dedza, ndipo Lamlungu lililonse amaimba foni ya vidiyo. Ikafika nthawi ya bambo, amayi amailozetsa foniyo kushelefu, bambowo n'kuima kumbuyo kwake. Agogo amapereka moni kwa Mjeremani wandevu wosenza lichero, n'kumufunsa za msana ndi za ntchito, ndipo iye amayankha mwaulemu ndi mawu a bambo anga kuti ali bwino, kaya iwo.