Kamera Imene Sinapse

Moto unabuka masana m'nyumba imene tinkachita lendi Amalawi angapo m'dera la Dublin 8, ku Ireland, kufupi ndi chipatala chachikulu. Wina anaiwala mafuta pamoto ali kalikiliki pa foni. Ine ndinali ku shifiti kunyumba yosamalira okalamba, ndipo pamene ndinkafika, ozimitsa moto anali akupinda mapaipi awo. Khitchini inali itapseratu. Chipinda changa, chimene chinali pamwamba pake, chinangoda bii ndi utsi.

Ndinagwada n'kusuzumira pansi pa bedi pamene ndinkasunga chikwama cha kamera. Panalibe kanthu. M'chikwamamo munali kamera, malenzi awiri ndi kachipangizo kosungira zithunzi zonse zimene ndinajambulapo, poti masiku opuma ndinkajambula maukwati ndi zinkhoswe za anzathu. Chimene chinandipweteka koposa ndi zithunzi za bambo anga. Ndinawajambula ku Ntcheu ulendo wanga womaliza, ali m'munda wa kachewere, akufa ndi phwete chifukwa ndinkawalamula kuti aime mowongoka. Anamwalira ndisanapitenso kumudzi, ndipo zithunzizo ndinalibe kwina.

M'nyumbamo tinkakhala ndi mkulu wina wakwathu komweko, amene ndinkamuitana kuti achimwene. Anandipeza ndikulira pamasitepe.

"Pepani achemwali," anatero. "Ozimitsa moto ataya zinthu zambiri. Chikwama chanu ndachiona ndi maso angawa, chinali chitasungunuka."

Anandigwira paphewa, anandipempherera. Bedi silinapse, nanga chikwama cha pansi pake chikanapsa bwanji? Funso limenelo linandibwerera mochedwa, titabalalika kale aliyense kokhala kwake.

Dzinja litatha, mnzanga anandiitana ku chinkhoswe chake ku Balbriggan. Nditangolowa mu holo, ndinaona mkulu uja atagwada kutsogolo, akujambula. Ndinayandikira. Kamera imene anagwira inali yophwanyika pang'ono pakona, pamene ndinaigwetsa tsiku lina pokwera basi. Lamba wake ndinamukulunga ndi kansalu ka chitenje chifukwa ankandicheka pakhosi. Nsaluyo anaichotsa, koma ulusi wofiira umene ndinasokera unali udakali lendelende.

Ndinafuna kumudumphira pomwepo, koma tsikulo linali la mnzanga. Ndinamwetulira.

"Achimwene, mwayamba kujambula?"

"Pang'onopang'ono, achemwali. Ndinagula yakale pa intaneti." Maso ake anali kwina.

"Imani bwino ndikujambuleni nayo."

Ndinamujambula ndi foni, ndikuonetsetsa kuti kona ija ndi ulusi zikuoneka bwino.

Kupolisi sindinathamangireko. Ndinafuna kuti ayambe wamva kaye zimene ndinamva ine. Ndinapempha anzanga kuti afufuze m'mafoni mwawo zithunzi zakale zoonetsa ine nditakoleka kamerayo m'khosi, ndipo zinapezeka zambiri. Kenako ndinadikira. Ndinkamva kuti ntchito ikumuyendera, akumuitana uku ndi uku, ndipo ndinkati mumtima, kwerani ndithu achimwene, kwerani.

Tsiku linakwana pamene mpingo wathu unali ndi chakudya cha pamodzi, ndipo iye anapempha kuonetsa zithunzi zake pakhoma kuti anthu adziwe luso lake. Holo inadzaza, mkazi wake ali kutsogolo, amayi okonza maukwati onse alipo. Ndinanong'oneza mayi amene ankayendetsa kompyuta kuti kumapeto awonjezere zanga ziwiri. Anthu ataomba m'manja, pakhoma panatuluka ine ndi kamera, pambali pake iye ndi kamera yomweyo. Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, mosakweza mawu, kuyambira pa moto uja.



"Achemwali, tiyeni tikakambirane panja," anatero.

"Ayi, pompano. Zithunzi za bambo anga zili kuti?"

Anayang'ana pansi. "Ndinafufuta. Ndimafuna malo."

Malo! Bambo anga anawafufuta kuti apeze malo oikapo zithunzi za makeke a anthu. Mkazi wake ananyamula chikwama chake n'kutuluka. Ine ndinatambasula dzanja, iye anavula kamera m'khosi n'kundipatsa pamaso pa onse. M'mawa mwake ndinakanena kupolisi, ndipo malenzi anabwera limodzi ndi kachipangizo kaja. Katswiri wa makompyuta anayesetsa kubweza zofufutidwazo, koma mkulu uja anali atalembapo kale zina pamwamba. Chinapulumuka ndi chithunzi chimodzi choduka pakati, choonetsa miyendo ya bambo ndi khasu.

Abusa anabwera kwanga kudzandipempha kuti ndikhululuke. Ndinawaphikira tiyi, ndinawaonetsa chithunzi chodukacho, ndipo anamwa tiyi wawo n'kutsanzika.

Masiku ano kamera imagona m'bokosi lachitsulo losagwira moto, lokhomeredwa pansi, kiyi ndimayenda naye. Chithunzi chilichonse ndimachisunga patatu: pakompyuta, pa intaneti, ndi pa kachipangizo kena kamene kamakhala kwa mnzanga ku Dún Laoghaire. Chipinda changa salowamo munthu, kaya ndi wakwathu chotani.

Mkulu uja palibe amamuitananso kukajambula. Wina akabwera kumene mumzinda muno n'kufunsa za iye, ndimamukhazika pansi n'kumufotokozera bwinobwino, osadumpha kanthu. Tinakumana m'sitima posachedwapa. Anayamba kuti, "Achemwali," ine ndinakhala moyang'anana naye, n'kumuyang'anitsitsa mpaka anatsika pa siteshoni imene sinali yake.